Maola oyamba a matenda: mbiri ya chithandizo chamwadzidzidzi kwa Mposa

Dera la Mfumu Mposa lili m'boma la Machinga, pakati pa mapiri a Chikala ndi nyanja ya Chilwa. Mtsinje wa Domasi umatsika kuchokera ku mapiri a Zomba n'kudutsa m'minda ya mpunga usanathire m'nyanjayo, ndipo madzi akalowa mu Chilwa satulukanso, chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje woitulutsa. Akuluakulu amati eni dziko akale m'chigwachi anali Anyanja, amene ankakhalira usodzi, ulimi ndi kuphika mchere wa m'dothi la m'mbali mwa nyanja. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 kunafika Ayao kuchokera kum'mawa, ndipo mfumu Kawinga inamanga malo ake achitetezo pa Chikala. Pambuyo pake kunabwera Alomwe, pothawa ulamuliro wowawa wa Apwitikizi ku Mozambique. Mtundu uliwonse unadza ndi mizu yake, miyambo yake ndi njira zake zofotokozera chimene chachitika munthu akagwa mwadzidzidzi.

M'dziko la madambo ngati ili matenda ogwa mwadzidzidzi sankasowa. Mwana wosewera bwinobwino m'mawa ankatentha thupi masana, pofika usiku maso atembenuka, manja akugwedezeka. Khanda lotsekula m'mimba linkalowa liwombo n'kufooka m'manja mwa mayi ake. Zikatero ankathamangira kwa agogo odziwa zitsamba kapena kwa sing'anga. Pa liwombo ankamata mankhwala osinja, wokomoka ankamufukiza, wopweteka m'nthiti ankamutema mphini. Ankafunsanso ngati m'nyumbamo wina sanasemphe mwambo, pakuti mwana wotupa kapena wowonda ankamuganizira tsempho. Sindikuwapeputsa makolowa. Ankayang'anitsitsa wodwala, ankadziwa mwana amene wafika poipa, ndipo wodwala sankamusiya yekha. Chimene chinalibe ndi kuwerengera. Wochira ankakumbukiridwa pamodzi ndi dzina la amene anamuchiritsa, pamene womwalira ankapezeredwa chifukwa china. Panalibe njira yosiyanitsira mankhwala amene anathandiza ndi mankhwala amene munthu anangochira atamwa.

Azungu oyamba kufika kuno nawonso sanali patali ndi zimenezi. David Livingstone anaona nyanja ya Chilwa mu April 1859, ndipo mankhwala ake a malungo anali kwinini wosakaniza ndi mankhwala otsegula m'mimba mwamphamvu, ena mwa iwo okhala ndi mercury. Kwininiyo ankagwiradi ntchito, koma za udzudzu panalibe ankadziwa mpaka Ronald Ross atazitulukira mu 1897. Mishoni ya UMCA itakhazikika pa Magomero mu 1861, Bishopu Charles Mackenzie sanathe chaka. Bwato lake linagubuduzika pamtsinje, mankhwala n'kutayika, ndipo mu January 1862 malungo anamutenga pafupi ndi pamene Ruo amakumana ndi Shire. Mishoni ya Church of Scotland inatsegula siteshoni ku Domasi mu 1884, asilikali a boma la atsamunda anagonjetsa Kawinga mu 1895, ndipo pang'onopang'ono zipatala zinayamba kuoneka: cha boma ku Zomba, cha mpingo wa Anglican cha St Luke's ku Malosa, ndipo patapita nthawi chipatala chaching'ono cha Mposa, chimene chili m'gulu la zipatala zoyang'aniridwa ndi St Luke's. Wodwala kwambiri ankanyamulidwa pa machira, kenaka pa njinga. Akafika ankakhala pamzere, ndipo lamulo la pamzere linali limodzi: woyamba kufika ndiye woyamba kuonedwa.

Nyanja inauma mu 1968, madzi n'kubwereranso, ndipo mu 1973 kolera inalowa m'Malawi koyamba. M'kupita kwa nthawi inapeza malo ku Chilwa, kumene asodzi amamwa madzi a m'nyanja momwemo. Boma linalemba anthu apadera othandiza kulimbana ndi mliriwo, ndipo ntchito yawo ndi imene inakula n'kudzakhala ya alangizi a zaumoyo amene tikuwadziwa lero. Kolera imapha pochotsa madzi m'thupi, ndipo munthu wamphamvu zake angathe kutha tsiku lisanathe. Nthawi imeneyo chithandizo chodalirika chinali diripi, ndipo diripi sinali yopezeka paliponse. Yankho linachokera kutali. Akafukufuku a ku Dhaka ndi ku Calcutta anapeza m'zaka za m'ma 1960 kuti matumbo a munthu wa kolera amayamwabe mchere ndi madzi ngati mwaikamo shuga pamlingo woyenera. Mu 1971, pamsasa wa anthu othawa nkhondo ku Bangaon m'dziko la India, dokotala Dilip Mahalanabis atasowa madiripi anauza achibale kuti azimwetsa odwala madzi amenewa ndi makapu. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 mwa 100 aliwonse kufika pa anthu osakwana 4. Madzi amenewa ndi amene amayi a kwa Mposa amawadziwa ndi dzina loti Thanzi, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi aukhondo. Apa nkhani ya liwombo inamveka mwatsopano. Makolo sanalakwe poona kuti liwombo lolowa ndi chizindikiro choopsa, koma vuto silinali pamutu. Linali la madzi amene mwana wataya, ndipo mankhwala ake ndi omwetsa, osati omata.

Chotsatira chinali malungo. Kwa zaka zambiri klorokwini anali mankhwala a m'nyumba iliyonse, ogulidwa pagolosale limodzi ndi sopo ndi machesi. M'zaka za m'ma 1980 anamwino anayamba kuona ana omwewo akubweranso thupi likutenthabe, zikhatho zitayera chifukwa cha kuchepa magazi. Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi akafukufuku a ku CDC ya ku America unatsatira ana opatsidwa mankhwalawa, kuyeza magazi awo masiku otsatira, ndipo zinaoneka poyera kuti tizilombo tapima. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya klorokwini n'kutenga SP, amene anthu ankamutcha Fansida. Anthu sanakondwe nazo. Ankadandaula kuti mankhwala atsopanowa satsitsa msanga kutentha thupi, ndipo ena ankafunabe akale aja. Koma chiganizocho chinamangidwa pa zimene zinapezeka m'magazi a ana a Malawi, ndipo chinali cholondola. SP nayenso atayamba kulephera, boma linasintha mu 2007 n'kubweretsa LA. Chodabwitsa china chinatulukira ku Ndirande: kafukufuku wofalitsidwa mu 2006 anapeza kuti klorokwini, atapumitsidwa zaka zoposa khumi, anayambanso kuchiritsa pafupifupi ana onse amene anamulandira. Sanamubwezere, chifukwa m'maiko oyandikana nafe tizilombo topima tinali tikadalipo.

Pamene zimenezi zinkachitika, ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth (Queens) ku Blantyre kunali madokotala amene ankavutika ndi funso la mwana wokomoka ndi malungo. Mawu oti wakomoka sankakwanira, chifukwa namwino wa usiku ndi wa masana ankatha kutanthauza zosiyana. Mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi mnzawo wina anafalitsa muyeso umene dziko lonse likuutcha Blantyre Coma Score. Woyeza amaona zinthu zitatu. Kodi maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake? Akamukanikiza pachifuwa kapena pachala kuti amve ululu, kodi akukankha dzanja la womupwetekayo, akungobweza mkono, kapena ali zii? Kodi akulira ngati mwana wabwinobwino, akungobuula, kapena sakutulutsa mawu? Malikisi onse ndi 5, ndipo mwana wopeza 2 kapena kucheperapo ali pangozi yaikulu. Muyesowu sufuna makina kapena magetsi, ndipo wachipatala wa kwa Mposa akalemba nambala m'kabuku ka mwana, wa ku Liwonde kapena ku Zomba amadziwa ngati mwanayo waipirapo panjira.

Gulu lomwelo linachita china chovuta kwambiri. Linapempha makolo oferedwa kuti alole kupima matupi a ana awo amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo. Makolo amene anavomera pempho lotere ali pachisoni sitiwadziwa maina, koma dziko lili nawo ngongole. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2004, zinasonyeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi anafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinalimo m'magazi, inde, monga timapezekera mwa ana ambiri a m'madambo, koma si timene tinamupha. Kusiyanitsa kwake kunapezeka m'diso: dokotala wa maso Susan Lewallen anali ataona kale kuti malungo enieni a mu ubongo amasiya zizindikiro zake kuseri kwa diso, zooneka ndi kagalasi kounikira. Tanthauzo lake kwa wachipatala ndi lalikulu. Kupeza malungo mwa mwana wokomoka si mapeto a kufufuza. Ayezenso shuga, aganizirenso za matenda oumitsa khosi. Makina a MRI atafika ku Queens mu 2008, kafukufuku wa 2015 anaonetsa kuti ana ambiri amene amafa ndi malungowa ubongo wawo umakhala utatupa kwambiri mpaka kukanikiza mbali yolamulira kupuma.

Koma pa zonse zimene zinachokera ku Blantyre, chimene ine ndimachiona kuti chinasintha kwambiri moyo wa mayi wa kumudzi ndi nkhani ya mzere uja. Dokotala wa ana Elizabeth Molyneux ndi anzake atawerengera imfa za ana ogonekedwa, anapeza kuti zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu zinkachitika m'maola 24 oyamba. Ana ena ankafera pabenchi, kumsana kwa amayi awo, akudikira kuti afike pakhomo la dokotala. Mayi wochokera kutali ndiye ankafika mochedwa, ndiye ankakhala kumapeto, ndipo mwana wake ndiye nthawi zambiri anali wodwalitsitsa. Mu 2001 anatsegula chipinda cha ana chachithandizo chamwadzidzidzi, n'kuphunzitsa antchito onse, ngakhale alonda ndi okonza m'chipatala, kuzindikira mwana amene sangadikire. Namwino amayenda mumzere, kuvundukula nsalu, kuyang'ana. Mwanayu akupuma bwanji? Milomo yada? Manja azizira? Amakanikiza chikhadabo mpaka chiyere, n'kuchisiya, n'kuwerenga: magazi akapanda kubwerera pakatha masekondi atatu, zinthu sizili bwino. Amatsina khungu la pamimba kuona ngati likubwerera msanga. Wokomoka, wogwedezeka, wobanika ndi wotha madzi amalowa nthawi yomweyo. Khanda losakwana miyezi iwiri, wotentha kwambiri, woyera zikhatho, wopsa ndi moto kapena wotupa mapazi onse awiri amapita kutsogolo. Otsala amadikira. Zonsezi zimatenga nthawi yosakwana mphindi imodzi pa mwana. Imfa za ana ogonekedwa ku Queens zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 mwa 100 kufika pakati pa 6 ndi 8, ndipo za m'tsiku loyamba zinatsika kuchoka pa 36 kufika pa 13 mwa imfa 100 zilizonse. Palibe mankhwala atsopano amene anagulidwa kuti zimenezi zitheke. Bungwe la WHO linatulutsa maphunziro a njirayi mu 2005 pansi pa dzina loti ETAT, ndipo anafalikira m'zipatala za maboma ndi zazing'ono m'Malawi muno ndi m'maiko ena ambiri. Pachiyambi anthu a pamzere ankanyinyirika akaona wobwera pambuyo akulowa, kuganiza kuti pali ziphuphu kapena chibale. Zinatenga nthawi ndi kufotokoza kuti amvetse.

Kafukufuku sanangowonjezera zochita. Nthawi zina analanda madokotala zimene ankazikhulupirira. Ku Ulaya ndi ku America mankhwala a dexamethasone ankathandiza odwala matenda oumitsa khosi, koma atayesedwa pa ana pafupifupi 600 ku Blantyre, zotsatira za mu 2002 zinasonyeza kuti sanachepetse imfa, ndipo mwa akuluakulu mu 2007 zinali chimodzimodzi. Odwala athu amafika mochedwa, ambiri ali operewera zakudya kapena ali ndi HIV, ndiye thupi lawo siliyankha ngati la wodwala wa ku London. Chogwedeza kwambiri chinali kafukufuku wa FEAST wa mu 2011, wotsogozedwa ndi Kathryn Maitland ku Kenya, Uganda ndi Tanzania. Mabuku onse ankanena kuti mwana wotentha thupi amene magazi sakuyenda bwino amupatse diripi yothamanga msangamsanga. Pa ana oposa 3,000, amene analandira diripi yothamangayo anafa pafupifupi 10 ndi theka mwa 100 m'masiku awiri, pamene amene analandira madzi pang'onopang'ono anafa 7 mwa 100. Kafukufukuyo anaimitsidwa asanathe. Anamwino amene anali pomwepo ankaona ndi maso awo ana akuoneka ngati atsitsimuka atalandira madziwo, ndipo n'chifukwa chake palibe akanadziwa popanda kuwerengera.

Kwa wachipatala wa m'mbali mwa Chilwa nkhaniyi ndi ya tsiku ndi tsiku. M'nyengo ya dzinja ana awiri angafike limodzi, onse ali lefu, manja ozizira. Wina wataya madzi chifukwa cha kolera kapena kutsekula m'mimba, ndipo diripi yothamanga ndiyo moyo wake. Ana otere sanali nawo m'kafukufuku wa FEAST. Winayo ali ndi malungo aakulu ndi kuchepa magazi, ndipo diripi yomweyo ingamuvulaze. Akufunika jekeseni ya malungo ndiponso magazi. Achibale ambiri amaona kuti wodwala wathandizidwa pokhapokha botolo litapachikidwa, ndiye wachipatala amene wasankha kusathamangitsa madzi ayenera kukhala ndi mtima wolimba ndi pakamwa pofatsa. Phunziro lomweli linabweranso pa makina othandiza kupuma a CPAP. Makina otsika mtengo otchedwa Pumani, amene anapangidwa mogwirizana ndi Rice University, anakweza chiwerengero cha makanda obanika opulumuka ku Queens kuchoka pa 44 kufika pa 71 mwa 100. Koma njira ya CPAP itayesedwa pa ana okulirapo odwala chibayo choopsa pa chipatala cha boma cha Salima, kumene kunalibe dokotala wowayang'anira tsiku lililonse, zotsatira za mu 2019 zinasonyeza kuti sinachepetse imfa poyerekeza ndi okosijeni wamba.

Nzeru zonsezi zikanangokhala ku Blantyre, munthu wa kwa Mposa sizikanamupindulira. Kuyambira mu 2008 alangizi a zaumoyo anaphunzitsidwa kutsegula timakiliniki ta m'midzi, kuwerenga kapumidwe ka mwana ndi wotchi, kupereka LA, Thanzi ndi zinki, ndi kutumiza msanga amene ali ndi zizindikiro zoopsa. Mu 2011 kunafika tizipangizo toyezera malungo ndi kadontho ka magazi a pachala, ndipo mwambo wotcha kutentha thupi kulikonse kuti malungo unayamba kuchepa. Kafukufuku wa AQUAMAT wa mu 2010, pa ana oposa 5,000 m'maiko asanu ndi anayi a mu Africa kuphatikizapo Mozambique, anaonetsa kuti jekeseni ya artesunate imapulumutsa ana ambiri kuposa kwinini, ndipo patapita zaka zochepa kwinini, amene anatumikira kuyambira nthawi ya Livingstone, anatsika pampando. Artesunate wolowetsa kumalo ochitira chimbudzi anathandiza kuti mwana wosatha kumeza apeze kachithandizo koyamba ulendo wa kuchipatala usanayambe. Kutsidya kwa Shire, ku Balaka, bungwe la VillageReach ndi Unduna wa Zaumoyo anayambitsa Chipatala Cha Pa Foni mu 2011, kuti mayi aimbe ulere n'kufunsa ngati zimene akuona pa mwana n'zodikira kapena n'zothamangira. Ntchitoyo inakula mpaka kufika dziko lonse pa nambala ya 54747.

Kunatsala anthu amene ngakhale mlangizi sawafikira. M'kati mwa nyanja ya Chilwa asodzi amamanga zimbowera, tinyumba toyandama pa milu ya udzu wa m'madzi, ndipo amakhala kumeneko milungu kapena miyezi akupha matemba, makumba ndi milamba. Madzi akumwa, osamba ndi chimbudzi ndi amodzi. Kolera ikamugwira munthu kumeneko, ulendo wa pabwato wofika kumtunda umatenga maola, ndipo ena amafika atatha kale. Mliri utabuka mu December 2015, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi Médecins Sans Frontières ndi mabungwe ena unakonza katemera wakumwa wa kolera mu February ndi March 2016. Vuto linali loti katemerayo amamwedwa kawiri, motalikirana milungu iwiri, ndipo msodzi sangasiye maukonde kuti abwerere kudoko tsiku loikidwa. Panali umboni woti katemerayo amapirira kutentha kwa masiku angapo kunja kwa firiji. Choncho msodzi ankamwa kabotolo koyamba pamaso pa achipatala, n'kupatsidwa kachiwiri m'kathumba kapulasitiki kuti akamwe yekha pa chimbowera tsiku likakwana. Kunali kukhulupirira anthu amene kawirikawiri amanenedwa kuti samva malangizo. Akafukufuku anawatsatira, ndipo anapeza kuti ambiri anamwadi ndipo katemerayo anawateteza. Zotsatirazo zinafalitsidwa m'magazini ya WHO, ndipo apa Chilwa ndiye anaphunzitsa dziko.

Nyanja inaumanso mu 2018, monga inachitira mu 1995, ndipo mabanja ambiri anataya pogwira. Mu April 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kudzera m'zipatala zake, ndipo Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Kenaka kunadza namondwe Ana mu January 2022, ndipo mu March chaka chomwecho wodwala kolera woyamba anatsimikizidwa pa chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde. Mliriwo unafika m'maboma onse, unapitirira nyengo yachilimwe imene kale kolera inkazilala, ndipo unakhala waukulu kuposa wina uliwonse m'mbiri ya dziko lino: odwala oposa 58,000, omwalira oposa 1,700. Katemera anaperewera padziko lonse, moti mu October 2022 oyang'anira nkhokwe yake analamula kuti anthu azimwa kamodzi m'malo mwa kawiri.

Chiwerengero cha imfacho chimandiwawa. Kumene chithandizo chili bwino, kolera siyenera kupha munthu woposa mmodzi mwa odwala 100, koma kuno inapha pafupifupi atatu. Kachiritsidwe kake kakhala kakudziwika kwa zaka makumi asanu. Chimene chinapha anthu ambiri ndi kufika mochedwa, mtunda, ndi kuchepa kwa antchito ndi zipangizo pamene odwala anachuluka nthawi imodzi. Lero dziko lili ndi sukulu yakeyake ya madokotala, imene inatsegulidwa mu 1991 ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndiponso ku Queens kuli chipinda cha akuluakulu chachithandizo chamwadzidzidzi kuyambira 2011. Wachipatala wa kwa Mposa angathe kuyeza malungo m'mphindi 20, kulemba nambala ya kukomoka, kubaya artesunate, kumwetsa Thanzi ndi kudziwa amene akufunika diripi yothamanga. Koma mwana wofunika magazi kapena mayi wofunika opaleshoni ayenerabe kutumizidwa ku Malosa, ku Liwonde kapena ku Zomba, ndipo m'miyezi ya January ndi February, pamene malungo ndi kutsekula m'mimba zimachuluka, ndi pamenenso misewu yafumbi ya m'chigwa imasanduka matope, a kabaza n'kukweza mtengo.